Disiki E

Zaka khumi ndi chimodzi a Chrispine akhala akusamalira makompyuta pa golosale yaikulu ya a Hasmukh ku Limbe, ndipo palibe tsiku limene bwanayo anawayamikirapo pagulu. Lachisanu lililonse ankakopera pamanja zonse za mu seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za kampani, n'kuziika pa disiki ina, bakapu yoti makina akafa zinthu zisatayike. Ndiye kunabwera Tisungeni, mtsikana wa ku Chitawira wongomaliza kumene sukulu, n'kulemba timizere makumi awiri pa sikirini yakuda. Timizereto tinkauza seva madisiki oyenera kukopera, C, D ndi E, ndipo ntchito ya tsiku lonse inkadzichita yokha.

"Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero a Hasmukh pamsonkhano, anthu n'kuomba m'manja.

A Chrispine anaombanso, koma mtima ukuwawa. Nsanje si matenda oti munthu n'kupita nawo kuchipatala. Ankaona poyera kuti mpando wawo ukugwedezeka, ndipo mwana wadzanadzanayu ndiye adzaukhalire.

Lachitatu masana, Tisungeni atapita kukagula chipisi, a Chrispine anatsegula fayilo ya timizere tija. Pa disiki E ndi pamene pamakhala zikalata zonse za katundu wochokera kunja. Anafufuta chilembo cha E chokhacho basi. Sankafuna kuti kampani igwe, ayi ndithu. Ankangofuna kuti tsiku lina bwana adzafunse za E, mtsikanayo adzasowe chonena, iwo n'kutulukira ngati mpulumutsi. Panjira yonse ya kwawo ku Chinyonga madzulo amenewo ankaimba kamluzu.

M'mawa mwake anapeza Tisungeni atafika kale, atakhala pafupi ndi tebulo lawo. Mtsikanayo anadikira kuti wokolopa atuluke.

"Bambo Chrispine, dzulo munachotsa E."

"Ine? Mwina mwasokoneza nokha, mayi."

"Seva imalemba dzina la aliyense wokhudza fayilo ija, ndi nthawi yomwe. Twelofu forte." Anayankhula motsitsa, maso ali pansi ngati wolakwa ndi iye. "Ndabwezeretsa. A Hasmukh sindinawauze, ndipo sindiwauza. Muli ndi ana kusukulu."

A Chrispine akanakonda mtsikanayo akanawatukwana, kapena kuthamangira kwa bwana, kuti apeze chomudera chenicheni. Koma ayi, ngakhale mtima wabwino anawaposa nawo, ndipo izi zinawapweteka kuposa timizere tija.

Posakhalitsa a Hasmukh anasuzumira pakhomo.

"Chrispine, mwezi wamawa Tisungeni akhala mkulu wa gawo lino. Ndimafuna ndikutumize kosungira katundu, koma iye wakana, akuti seva iyi palibe woidziwa ngati iwe. Umuthokoze."

A Chrispine anaimirira pang'onopang'ono, bwana akuwayang'ana.

"Zikomo, madamu," anatero.