Mtsinje wa a Biswick

Lyson anali atangogwira ntchito miyezi inayi pa nyumba ina yosamalirako okalamba ku Romford, ku Mangalande, pamene anamupatsa ntchito yosamalira a Biswick, mzungu wa zaka 84 wofooka miyendo. M'mawa uliwonse powasambitsa, mkuluyo ankabwereza nkhani imodzi: kumunsi kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Antarctica, kuli mtsinje wa madzi oundana, womwe pa Chingerezi amati glacier, umene anautcha dzina lawo. Ati anauyeza okha mu 1958, agalu akuwakokera katundu, ndipo ngakhale ndi wouma gwa, umayenda pang'onopang'ono mpaka kukagwera m'nyanja.

Lyson ankangovomera, koma pa nthawi ya tiyi ankawayeseza mawu, anzake n'kumafa ndi phwete. Kenako analemba m'fayilo kuti mutu wa a Biswick wayamba kusokonezeka. Analemba katatu konse. Dokotala atawerenga anawonjezera mankhwala, ndipo mkuluyo anayamba kumangosinza pampando tsiku lonse, dovu likuyenderera pachibwano.

Loweruka lina kunabwera mwana wawo wamkazi kuchokera ku Scotland, atatenga mapu akale oti awakhomere pakhoma. Anapempha Lyson kuti agwire mbali imodzi. Pakati pa mapiri awiri panali kamzere koyera kokhotakhota, ndipo m'mbali mwake, m'zilembo zing'onozing'ono, munali dzina lija.

"Bambo anga atani?" anafunsa mayiyo. "Pa Khirisimasi ankacheza bwinobwino."

Lyson anangoyang'ana mapuwo. Atatuluka anakapeza a Rumbidzai, nesi wamkulu, wobadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Dedza.

"Sister, report ija ndinalakwitsa. Glacier ija ilipodi."

"Munafunsako achibale musanalembe?"

"Ayi."

"Dokotala ndimuimbira ine. Koma mwana wawoyo mukamuuze nokha, asanapite."

Anakamuuza ataima pakhomo, osabisa ngakhale za kuseka kuja. Mayiyo sanakalipe. Anangofunsa dzina lake lonse, n'kulilemba.

Mankhwala anawachepetsa, ndipo patatha milungu itatu a Biswick anayambanso kulankhula. Chinthu choyamba chimene anapempha chinali choti awasinthire wowasambitsa. Lyson anamusamutsira ku zipinda zam'mwamba, atamupatsa kalata yomuchenjeza. Anagwira pamalopo zaka zina ziwiri, ndipo akatsika kudzatenga zofunda, ankazungulira njira ya kukhitchini kuti asadutse pakhomo pa a Biswick.