Masitepe a Eni Ake

"Ine munthu sangandigulitse chinthu chowola," anatero makaniko akupukuta manja pa ovolosi. "Zaka makumi awiri ndikugula galimoto zakufa. Ndikangogogoda, chitsulo chimaulula chokha."

Ankauza mlamu wake, mayi woyeza malo, za nyumba yosanja ya mafulati anayi imene ankafuna kugula, awiri pansi, awiri pamwamba. Msana unali utayamba kukana zolowa kunsi kwa galimoto, ndiye thukuta lake lonse ankafuna kuliika pamenepo kuti likamusunge paukalamba.

Koma ejenti wa nyumbayo anali wovuta. Anthu ankamutchula kuti Ndili M'njira, chifukwa pafoni sankadziwa mawu ena. Ukamufunsa za malire, iye ankayamikira penti.

"Alamu, musasaine musanaone mapu," anatero mayiyo. "Ndiloleni ndikayeze kaye. Ejenti amadya tsiku logulitsa basi, inu mudzakhala nayo mpaka imvi. Akakaniza mapu, inunso kanizani cholembera."

Makaniko anafunsadi mapuwo. Ejenti anachita tsinya.

"Bwana, mukugula nyumba kapena pepala? Pali dokotala wina akuifuna mawa lomweli. Ndangokusungirani chifukwa ndimakulemekezani."

Mawu oti dokotala anamulowa makaniko m'mutu. Anagogoda makoma, anatsegula mipope, kenako anakwera masitepe achitsulo a kunja opita kumafulati a pamwamba, akudumphadumpha pa sitepe iliyonse.

"Amene anawotcherera masitepewa ndi mmisiri," anatero, ndipo anasaina.

Loweruka anatenga mlamu wake kuti akamutseke pakamwa. Anapeza bambo wa nyumba yoyandikana nayo akukhoma geti patsinde pa masitepe aja.

"Mukutani pamalo anga, achikulire?"

"Anu amathera pakhomapo," anayankha modekha. "Masitepewa ali kwanga. Mwini wakale ndinkangomubwereka, ndipo ejenti wanu ndinamuuza kuti nyumba ikagulitsidwa ndidzatseka."

Mayi woyeza malo anayandikira khoma la nyumbayo. Anangopalasa udzu ndi nsapato, chikhomo cha malire n'kuonekera, chitatsamira khoma lenilenilo.

Pamwamba zenera linatseguka, mayi wina wa lendi n'kusuzumira.

"Ndinu a landilodi atsopano? Takulandirani. Nanga tizitsikira pati?"

Makaniko anagogoda chitsulo cha masitepe. Chinalira bwinobwino, chopanda bodza. Anatulutsa foni n'kuimbira ejenti.

"Bwana wanga!" anayankha mwansangala. "Ndili m'njira."