Makwerero Opotoka a Jesinta

"Patulani tsopano," anatero Madamu Tsitsi. "Pang'onopang'ono, ngati mukutsegula zipi ya chikwama chobwereka."

Ana a Fomu 4 anayamba kukowola timawaya. Kalasi yawo inali shedi yakale yosankhiramo fodya pa famu ina kufupi ndi Trelawney, ndipo fungo la fodyayo linali lisanachoke m'makoma. Aliyense anali ndi makwerero opotoka a waya ndi zitsekerero za mabotolo, chifaniziro cha DNA. Chitsekerero chofiira chinkakolana ndi chobiriwira basi, chachikasu ndi choyera basi.

Makwerero a Jesinta ndiwo anali olimba kuposa onse. Bambo ake, a Laxon, owotcha fodya ku balani, ndiwo anaboola zitsekererozo ndi msomali n'kupinda waya wokhuthala ndi pulayala, uku akuseka kuti makwerero otere ngakhale nyani angawakane. Nthawi imeneyo mayi ake anali oyembekezera, asanachire.

"Mbali iliyonse ikatsala yokha imaitana anzake oyenera," Madamu anapitiriza. "Chofiira chiitane chobiriwira. Anali makwerero amodzi, tsopano ndi awiri ofanana. Umu ndi mmene thupi limakoperera malangizo ake selo lisanagawikane."

Andy, mwana wa foromani, anakweza dzanja.

"Madamu, ngati zimakopera ndendende chonchi, zimatheka bwanji kuti munthu wakuda ngati chikuni cha ku balani abereke mzungu?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Komboni yonse inkadziwa kuti mayi a Jesinta, a Ester, abereka mwana wamkazi woyera mbee, wa tsitsi ngati ndevu za chimanga. Inkadziwanso kuti a Ester ankachapa ku nyumba ya manejala wachizungu. Anthu anali ataphatikiza kale ziwirizo.

Madamu sanakalipe. Anaika makwerero a Jesinta patebulo.

"Bwera kuno, Andy, pakamwa pako pagwireko ntchito. Iwe ukhala fakitale."

Jesinta anakopera mbali imodzi ya makwerero pa ulusi womangira fodya, chitsekerero ndi chitsekerero, n'kuupereka kwa Andy. Uwu unali uthenga wochoka ku DNA. Andy ankawerenga zitsekerero zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zinkaitana mkanda wa mtundu wake kuchokera m'mbale. Anatunga mikandayo mpaka ulusi wake unatalika.

"Iyi ndi puloteni," anatero Madamu. "Tinene kuti ndi imene imathandiza kupanga utoto wa khungu, tsitsi ndi maso." Kenako anachotsa zitsekerero zodzaza dzanja pakati pa makwerero aja, n'kulumikiza zotsalazo. "Bwerezani."

Ulendo uno Andy anangotunga pang'ono.

"Watha, Madamu."

"Ungavale?"

"Ngakhale mphaka sungamukwane m'khosi."

"Ndiye utoto supangika. Koma mverani. Munthu aliyense ali ndi makwerero amenewa awiri, ena ochoka kwa mayi, ena kwa bambo. Ena akakhala oduka, abwinowo amagwira ntchito okha, munthuyo n'kukhala wakuda bii osadziwa kuti wanyamula kanthu. Mwana akalandira oduka kwa mayi, odukanso kwa bambo, ndi pamene amabadwa wachialubino. Pamafunika makolo awiri, onse onyamula. Mzungu safunikapo."

Poweruka, Madamu anamuimitsa Jesinta pakhomo.

"Mwanayo asakhale padzuwa. Khungu lake lilibe chodzitetezera, limapsa mpaka zilonda. Makwerero ako ubwezeretse zitsekerero, ubwere nawo Lolemba ndidzaike malikisi."

Jesinta anayenda mofulumira kudutsa m'minda ya fodya, makwerero atawakumbatira pachifuwa. Atafika ku komboni anapeza zovala za mayi ake zili panja, zomangidwa m'chitenje. Tete Tereza, mlongo wa bambo ake, anali atakhala pa chidebe pafupi ndi chitseko ngati mlonda wa pageti.

"Abwera adokotala," anatero Tete. "Anyamula ndi zinyalala za ku bawa."

"Katunduyu watulukiranji, Tete?"

"Mayi akowa akukaona abale awo ku Mutorashanga. Nyumbayi ndi ya pa nambala ya ntchito ya achimwene anga. Si ya alendo ochoka ku nyumba yaikulu ya manejala ija."

M'nyumbamo a Ester anali akuyamwitsa, atakhala pamphasa. Sanalire. Chichokereni kuchipatala sanalirepo, ndipo akazi a pa mpopi ankati umenewo ndi umboni wina.

A Laxon anatulukira kuchokera ku balani, malaya ali paphewa, manja akuda ndi phula la fodya. Mwanayo anali asanamunyamulepo, ngakhale kumupatsa dzina. Jesinta anagwada pamaso pawo asanafike pakhomo.

"Ababa, ndili ndi mawu."

"Mawu a mwana pa nkhani ya akulu?" anatero Tete. "Nkhuku yakuda siswa bakha. Zimenezo sizifuna Fomu 4."

"Wamisala anaona nkhondo, Tete. Andimvere kaye, akandinyoze pambuyo."

A Laxon anakhala pa njerwa. Anatenga makwerero aja m'manja mwa mwana wawo, naona kawaya kena katapindika, n'kukawongola ndi chala mosaganizira. Kenako anaona podukapo.

"Izi wachotsa ndani? Ndinaziboola zokwanira."

Jesinta anafotokoza. Anawaonetsa zitsekerero zitatuzitatu, anatulutsa m'thumba mikanda iwiri ija, wautali ndi waufupi, n'kuiyala pansi. Kenako anadula ulusi zidutswa zinayi, ziwiri zazitali, ziwiri zazifupi. Chachitali ndi chachifupi anaika kumapazi a bambo ake. Zinazo anaika pakhomo, pamene mayi ake anali ataima tsopano, mwana ali paphewa.

"Aliyense amapereka chimodzi. Sasankha."

A Laxon anayang'ana nthawi yaitali. Anali munthu wodziwa mbewu. Anawerama, natenga chachifupi chawo, n'kuchiika pambali pa chachifupi cha mkazi wawo.

"Ndiye uyo ndi ameneyu."

"Inde, ababa."

"Chachifupichi ndinachitenga kuti?"

"Kwa agogo aamuna kapena aakazi. Iwonso anachitenga kwa makolo awo, mwina kale ku Malawi. Chimatha kuyenda mibadwo osaoneka."

"Ndiye kuti Tereza angakhale nacho."

"Angakhale nacho."

"Nanga iwe?"

"Mwina ndili nacho, mwina ayi."

Tete anadzuka pa chidebe paja.

"Achimwene, mukumva zimene mukuvomerazi? Anthu a ku Guruve akubwera mwezi wamawa kudzakamba za roora, malowolo a mwana wanga Maidei. Mukufuna akamve kuti mtundu wathu umabala masope, maalubino amenewa? Adzabwerera pageti pomwe. Ndi uyu dokotala wanuyu, adzamukwatira ndani? Mutseke pakamwa mwana ameneyu."

"Mwana wanga musamutchule dzina limenelo, alamu," anatero a Ester. Mawu awo anali otsika. "Bambo a Jesinta, mwamva. Ndaona kuti mwamva. Lowetsani katundu wanga."

A Laxon sanadzuke. Ankazunguliza makwerero aja m'manja.

"Ndamva. Waya uyu ndinapinda ndine, sindine chitsiru."

"Ndiye?"

"Amake Jesinta, mwamuna woberedwa mkazi amamuseka mwezi umodzi, kenako amamugulira mowa. Wa magazi oduka amamuseka mpaka kumanda, ndi ana ake omwe. Ku balani ndikhala bwanji? Ndiziyenda ndi makwerero awa m'thumba, kufotokozera aliyense?"

"Si magazi oduka, ababa," anatero Jesinta. "Amayi nawonso ali nacho. Anthu ambiri ali nacho."

"Anthu ambiriwo alibe mwana woyera pakhonde."

A Ester anasuntha mwana kumuika paphewa lina.

"Choncho ine ndikhale hule kuti inu mukhale mwamuna."

Kuseri kwa mpanda wa udzu kunamveka mapazi a anthu amene ankamvetsera, akuchoka mwakachetechete.

"Mukanakhala kuti simukudziwa, ndikanakukhululukirani," anatero a Ester. "Dzulo munali munthu wopusitsidwa. Lero ndinu wabodza. Mwanayu ndimupatsa dzina ndekha. Ndi Delight."

Analowa m'nyumba. Katundu uja anatsala panja, ndipo Jesinta ndiye anamufunditsa thumba la feteleza kuopa mame.

Loweruka m'mawa kunali lole ya pafamu yopita ku Banket kukatenga malasha. Dalaivala anavomera kuwatenga. Kuchoka kumeneko a Ester akanakwera kombi, minibasi ya kumeneko, mpaka ku Mutorashanga, kumene mlongo wawo Ambrosio ankakumba miyala ya kuromu. Kutsogolo kwa lole kunali kutakhala kale foromani ndi mkazi wake, motero malo anali kumbuyo, poyera.

"Ndipita nanu," anatero Jesinta.

"Ukakumbe miyala? Ukhala. Ulemba mayeso. Ukawalephera ndidzakumenya ngakhale uli ndi mabere."

"Ndikhala bwanji m'nyumba muno?"

"Monga ndakhaliramo ine. Uziphika, uziwerenga, uzimuyang'ana m'maso."

Dzuwa linali litayamba kale kuluma ngakhale kunali m'mawa. Jesinta anakatenga ambulera kuseri kwa chitseko, koma Tete anaigwira.

"Iyi anagula ndi achimwene anga. Akapemphe ya ku nyumba yaikulu."

Jesinta anayang'ana mwana uja. Anali kumsana kwa mayi ake, kamutu kali poyera, timaso tikuphethira osapirira kuwala. Kumufunditsa nsalu kumaso kukanamubanikitsa m'kutentha kumeneko. Jesinta analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makwerero ake, pulayala, ndi malaya ake oyera a sukulu.

"Si za Lolemba zimenezo?" anafunsa a Ester.

"Madamu anaziona kale."

Anakhala pansi n'kuyamba kukowola. Zitsekerero zinagwera pafumbi, zofiira, zobiriwira, zachikasu, zoyera, ndipo tiana ta pakomboni tinathamangira kudzatola. Panatsala mawaya awiri okhuthala a m'mbali, opotoka. Ankafuna kuwawongola n'kuwapinda ngati uta, kuti aphimbe ndi malaya aja, akhale kadenga pamwamba pa mutu wa mwana. Koma waya unali wolimba. Unkamupulumuka, ndipo unamucheka pachala.

Dalaivala analiza hutala.

A Laxon anali ataima pakona pa nyumba, atavala kale za ku ntchito. Anabwera natenga pulayala m'manja mwa Jesinta. Anawongola mawaya aja pabondo, nawapinda bwinobwino, napotokola nsonga zake kuti zisabaye. Anaima pang'ono, nayang'ana kamutu kaja kuti ayese kukula kwake. Kanali koyamba kumuyang'ana mwanayo pafupi. Anafutukula utawo pang'ono, naupereka kwa Jesinta.

"Umange ndi ulusi wa fodya. Wa nsalu uduka."

Jesinta anakuta malaya pa waya paja, namangirira kadengako ku chitenje cha mayi ake, mbali zonse ziwiri. Mthunzi unagwera pankhope pa Delight ndipo timaso tija tinatseguka.

A Ester anawayang'ana amuna awo. Anadikira.

A Laxon anaika pulayala m'thumba.

"Moto wa ku balani sudikira munthu," anatero, natembenuka.

Jesinta anakweza katundu, nathandiza mayi ake kukwera. Lole inanyamuka kudutsa pakati pa minda, ndipo kadenga koyera kaja kankaoneka kakugwedezeka kumbuyo mpaka pa mitengo ya bulugamu ya pageti.

Tete anali atayamba kale kusesa pakhomo. Anakankhira timaulusi tinayi tija pamulu wa zinyalala.

"Za dzulo zija zithere pano," anatero. "Anthu a ku Guruve akabwera, iwe ntchito yako ndi kuthira madzi m'manja basi."

Jesinta anawerama natola timaulusito, tiwiri tatitali, tiwiri tatifupi. Anatikutumula fumbi n'kutiika m'thumba la siketi.

"Ndidzathira, Tete," anatero. "Koma akadzandifunsa kumene kuli amayi, ndidzawaonetsa."