Mawu a pa Mwala wa Mkulu wa Mpingo

Ntchito yanga ndi yozokota mawu pa miyala ya pamanda. Ndimayamba ndalemba ndi choko, eni ake awerenge, chifukwa chitsulo chikalowa palibenso zofufuta. Anthu ena amakangana pa tsiku lobadwa, ena pa dzina. Ine ndimangopukuta fumbi n'kumadikira.

Lachiwiri m'mawa anabwera atatu: mayi wamasiye, mwana wawo wamwamuna amene ndi mlaliki, ndi mlongo wake, namwino. Malemuwo anali mkulu wa mpingo zaka makumi atatu. Mayiwo ndinawapatsa mpando wanga, womwe ndi umodzi wokha.

"Pansi pa dzina mulembe kuti ALI NDI AMBUYE," anatero mlalikiyo. "Zilembo zikuluzikulu."

Ndinatenga choko.

"Dikirani kaye," anatero namwinoyo. "Achimwene, tisawanamizire ababa. Tsiku lomaliza kuchipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti sakudziwa ngati kuli kanthu kumene akupitako."

"Amenewo anali mankhwala."

"Mankhwalawo ndinkawapatsa ndine. Mutu wawo unali bwinobwino."

"Umboni uli kuti? Ndani wina anamva?"

"Nanga inu umboni wanu uli kuti? Munapitako?"

Mlalikiyo anatsegula Baibulo pamwamba pa mwala wa munthu wina n'kuyamba kuwerenga mavesi. Ndinaona kuti nkhani sinali ya zilembo ayi. Munthuyu ankachita mantha. Lamlungu lililonse amaphunzitsa kuti wokayika salowa kumwamba, ndiye apa ankamenyera bambo ake malo. Ine zoterezi sindilowerera. Ndazokota ZIKOMO AMBUYE pa mwala wa munthu amene anandibera njinga.

Mayiwo nthawi yonseyi ankangoyang'ana zidutswa za miyala pansi. Kenako anayankhula osadzutsa mutu.

"Mlongo wako sakunama. Bambo ako zimenezo sanayambire kuchipatala. Anandiuza tisanakwatirane. Lamlungu lililonse akamamanga tayi ankati, mayi, kaya Ambuye akutimva kaya ayi. Akatero ankanyamula makiyi n'kupita kukatsegula tchalitchi. Sanajombepo."

"Ndiye inu munkati chiyani?" anafunsa mlalikiyo.

"Ndinkawasitira malaya."

Namwinoyo sanasangalale ngakhale kuti nkhani inamukomera. Anatembenukira kukhoma n'kumawerenga mayina a anthu osawadziwa. Mlalikiyo anatseka Baibulo lija. Ataliyika m'khwapa linagwa, ndipo sanalitole msanga.

"Mulembe dzina ndi masiku basi," mayiwo anandiuza. "Zinazo si za ife."

Ndinalemba ndi choko, onse atatu anawerenga, palibe anatsutsa. Akutuluka, mlalikiyo anaima pakhomo. Ndi bambo wa ndevu za imvi, koma mawu anatuluka ngati a kamwana kotayika pamsika.

"Amayi, ndiye ababa ali kuti?"

Mayiwo anamukonzera kolala ya jekete, imene inapindika.

"Sindikudziwa, mwanangu. Ndimawapempherera."