Juzi Yobiriwira ya a Eleuterio

"Juzi ija ili kuti?" anafunsa mayi Justina, akumanga mtolo wa zovala za malemu amuna awo. "Yobiriwira ija, ndinawalukira ndekha."

Nélida, mwana wawo wamkazi, ankadziwa pomwe inali, ndipo mchimwene wake Grover ankadziwanso. Linali tsiku lokachapa zovala za bambo awo a Eleuterio kumtsinje, kenako n'kuziwotcha, kuti mwiniwake apite osacheuka. Ku El Alto, mzinda wawo wozizira wa pamwamba pa mapiri, ngakhale mwana amadziwa kuti chovala chikatsala m'nyumba, wakufa amachibwerera.

Juziyo inali kuchipinda chogwirira ntchito, itafunditsidwa kompyuta.

Kompyuta yake, mayo ine! Chibokosi chachikasu ngati dzino la nkhalamba. Koma ndicho chinkalamula makina osoka maluwa pamashawelo a azimayi ovina, ndipo mashawelowo ndiwo ankadyetsa banja. Eni pulogalamu yoyendetsa kompyutayo anali atalengeza kalekale kuti asiya kuisamala, aliyense agule yatsopano. Nanga makinawo ankamva za kompyuta yatsopano? Ankangomvera yakale yomweyi, ndipo kampani imene inawapanga inatsekedwa. Wokonza makompyuta atabwera anangopukusa mutu. Anati asadzailumikize pa intaneti, asadzailowetse kalikonse kochokera kunja, ndipo azipemphera. Kukazizira kwambiri inkakana kuyaka, ndiye a Eleuterio akaweruka ankavula juzi n'kuifunditsa, mmawa iwo n'kumayamba ntchito ndi kajekete kopyapyala. Chifuwa chimene chinawatenga chinayamba choncho.

Nélida analowa m'chipindamo, Grover n'kumutsatira n'kutseka chitseko.

"Mlongo, basi yako ija ndi ya mawa eti?"

"Mukudziwa kale."

"Mashawelowa atsala theka. Azimayi aja akuvina mwezi uno. Ungomaliza awa okha."

"Awa okha!" Nélida anaseka kuseka kowawa. "Ababa ankatero. Awa okha, mwana wanga, chaka chamawa upita. Sukulu ya unamwino ndinamaliza liti ine? Kuchipatala cha ku Santa Cruz andisungira malo a ntchito kangapo, achimwene. Ulendo uno anena kuti ndikapanda kufika Lolemba apatsa wina."

"Nanga ine nditani? Zala zangazi ndi za chiwongolero. Ndinangoikhudza tsiku lina, bambo anandithamangitsa ndi tsache."

"Gulani yatsopano, mulembe munthu."

"Iwe, usandiyese chitsiru. Makinawa saimva yatsopano, ukudziwa bwino."

"Gulitsani zonse ndiye."

"Agule ndani? Ndani angagule ng'ombe yoti imamvera mbusa mmodzi, mbusayo ali chigonere? Ndipo amayi azidya chiyani, minibasi yanga yobwereka ija?"

Nélida zinamupsetsa mtima kuti Grover, munthu wosaganiza chikhalire, lero akunena zoona. Anachotsa juzi ija. Inali ikununkhabe bambo ake, masamba a koka amene ankatafuna ndi mafuta a makina. Kompyutayo inali isanayatsidwe chimwalirire iwo. Anadina batani, ndipo mumtima anapemphera pemphero loipa: isayake, Ambuye, ife lero lomwe, ipite ndi mwiniwake.

Inalira, n'kukhala chete. Grover anagwira pakamwa. Inaliranso, kuwala n'kubwera pang'onopang'ono, kenako uthenga uja wa mmawa uliwonse, wakuti kompyuta iyi sikulandiranso chisamaliro. A Eleuterio ankauyankha mokweza kuti, "Zamveka bwana, ifenso sitikulandira," n'kuutseka.

"Yayaka!" anatero Grover, nkhope yonse mano. "Waona? Nkhalamba iyi ndi yolimba."

Nélida anafuna kumumenya nayo mbewa ya kompyutayo.

Chitseko chinatseguka, mayi Justina n'kulowa. Ataona juzi m'manja mwa mwana wawo anailanda, n'kuiyang'ana kompyutayo mmene mkazi amayang'anira mkazi mnzake.

"Ndinadziwa. Mwamuna wanga kutsokomola mpaka nthiti, juzi atafunditsa chitsulo! Ndinkamuuza ine, Eleuterio, mkazi wako weniweni ndi ameneyu. Mukudziwa ankati chiyani? Ankati, Justina, ine ndikadwala kuli chipatala. Uyu eni ake anamutaya, watsala ndi ife basi." Anapukuta m'maso ndi juzi yomweyo. "Chipatala chake chimenecho anapitako mochedwa."

"Amayi," anatero Grover motsitsa mawu, "juziyo bwanji itsale? Kukuzizira, ikapanda kufunda..."

"Ukufuna bambo ako azibwera muno kudzafuna juzi? Anagwira ntchito zokwana. Asiyeni apume." Anatembenukira kwa Nélida. "Iwe mwana wanga, sindikukuletsa. Pita ukagwire ntchito yako. Ine ndiona chochita."

Akanamuletsa bwenzi zili bwino, akanakangana nawo n'kunyamuka mtima uli m'malo. Koma mayiwo ananena mawuwo maso ali pa mashawelo osatha aja, mulu wonse, ndipo sankatha ngakhale kuwerenga zolembedwa pakompyutapo.

Panja achibale anali atakwera kale minibasi, wina akuliza hutala. Mayi Justina anatuluka ndi juzi, Grover pambuyo atasenza mtolo.

Nélida anazimitsa kompyuta. Mphepo inkalowera pansi pa chitseko, yozizira yolasa m'mafupa. Anafika pakhomo, n'kuima. Akangoisiya chonchi, mawa siyaka, ndipo palibe angamunene. Iye ndiye walamula kuti juzi ikawotchedwe? Ndi mwambo. Mawa akwera basi yake.

Hutala inaliranso.

"Nélida! Tikuchedwa iwe!"

Anavula chikhoti chake chatsopano, chimene anagulira ulendo, tikiti ya basi ili m'thumba lamkati. Anachiyala pamwamba pa chibokosi chija, n'kupinda mikono yake kumbuyo, mbali ya kukhoma kumene kumalowera mphepo, monga ankachitira bambo ake. Kenako anatuluka, manja ali m'khwapa.