Nangula wa a Telala

M'mawa umenewo a Telala anapeza mlongoti wa kachombo kawo utapendamanso. Dzulo lake anausiya uli njo, zingwe zonse zitakungika bwinobwino, koma tsopano unali utaweramira kumanzere ngati chidakwa chofuna potsamira. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, kuwavalanso. Mlongoti sunasinthe.

"Walowa muno ndani?" anafunsa m'chipinda mopanda munthu.

Chombocho chinali chamatabwa, chotalika ngati mkono, chofanizira zombo zankhondo zakale zoyenda ndi mphepo. Chinabwera m'katoni chili tizidutswatizidutswa: timatabwa, timizinga tamkuwa, anangula awiri, ulusi, ndi chipepala cha zithunzi. Anabwera nacho ndi mkamwini wawo, ati adokotala anena kuti manja akamagwira ntchito mutu suchita dzimbiri. A Telala sanakhulupirire. Mkamwini akakusekerera, uziyang'ana kumbuyo. Chombocho chinafika sabata yomweyo imene simbi inapsereza tebulo, mwana wawo wamkazi n'kunena mosabisa kuti, "Bambo, zoiwalazi zikachitikanso, kiyi wa chipinda chino mutipatsa, mukakhala kwathu." Choncho iwo anadziwa kuti chombocho ndi mayeso. Akachimaliza, kiyi atsala m'thumba mwawo. Akalephera, akagona m'kachipinda koyandikana ndi bafa, n'kumapempha chilolezo kuti atsegule zenera.

Thupi la chombo silinawavute. Zinavuta ndi zingwe zogwira mlongoti, zochokera pamwamba kutsikira m'mbali zonse ziwiri. Chingwe chilichonse chinkathera pa kathabwa kozungulira ka maboo atatu, ndipo kathabwako kankalumikizidwa kwa kanzake kapansi ndi ulusi wopyapyala. A Telala ankati timatabwato ndi mabatani, ndipo ankatukwana amene anatipanga. Batani la maboo atatu analiona kuti?

Anagogoda pakhoma. Kuseri kwa khomalo kunali malo a wometa tsitsi, mnzawo wakalekale amene sankamukhulupirira ngakhale pang'ono. Wometayo analowa chipeso chili kukhutu.

"Mwamirako, a kaputeni?"

"Mwaona munthu akulowa muno?"

"Ndaona inu. Munatuluka, munalowa, munatulukanso kukayang'ana ngati mwakhoma, n'kulowanso."

"Ndikunena munthu wina."

"Achimwene, alowe kudzatani? Kudzaba fungo la guluu?" Anaweramira chombocho. "Komatu chikukongola. Nanga mtengowu ukupita kuti?"

"Ndinausiya wowongoka."

"Nanenso mkazi wanga ndinamutenga wowongoka," anatero wometa, n'kutuluka akuseka yekha.

A Telala sanaseke. Anadula zingwe zonse, kupaka ulusi watsopano phula kuti usamachite tiubweya, n'kuyambanso. Ankagwira monga ankagwirira pamakina moyo wawo wonse: umalize mbali imodzi, kenako utembenuze. Anamanga zakumanja zonse, kuzikoka mpaka kulira ngati nsambo. Atadzutsa mutu, mlongoti unali utapendamira kumanja. Anaima kukamwa yasa. Kodi suja unali kumanzere? Kapena iwo ndi amene anatembenuza chombo? Anayang'ana kutsogolo kwake kuti adziwe mbali, n'kupeza kuti kukulendewera nangula mmodzi yekha. Winayo panalibe.

Anafuna pansi pa tebulo, m'katoni, m'chitini cha mabatani, ngakhale m'kapu ya tiyi. Kanangula kachitsulo kakang'ono ngati chikhadabo kanali katasowa. Koma ankakumbuka bwino kuti anakamangirira chingwe chake chokhuthala chija, n'kuchilowetsa pabowo lapamphuno pa chombo. Kapena amene anamangirirayo ndi wakumanjayu? Ayi. Onse awiri. Mwina.

Apa mtima wawo unakhazikika pa mkamwini. Ndani wina angapindule? Mwina anasulitsa kiyi wake. Amadikira nkhalamba ipite kukagula buledi, iye n'kulowa, kumasula apa, kukoka apo, kuti mawa adzanene kuti apongozi mutu wabalalika.

Anatenga choko chojambulira nsalu, kuchipera ndi mpeni, n'kuwaza fumbi lake pansi kuzungulira tebulo. Anavala jekete, kukhoma chitseko, n'kukakhala pabenchi ya wokonza nsapato kutsidya kwa msewu, maso ali pachitseko chawo. Anakhalapo mpaka msana kuwawa. Sanaone munthu. Koma atabwerera, m'fumbi muja munali mapazi, opita ndi obwerera. Anatenga masilipasi awo n'kuyerekeza. Anakwana ndendende.

"Wochenjera mnyamata ameneyu," ananong'ona. "Mpaka kuvala masilipasi anga."

Komabe anayamba kukayika. Pabenchi paja anakhalapo ulendo umodzi kapena iwiri? Ankakumbuka ngati anabwerera kudzatenga chipewa. Chipewacho chinali kumutu.

Loweruka masana mwana wawo anabwera ndi mwamuna wake. A Telala anawalandira atavala jekete, monga ankachitira pakabwera kasitomala wovuta. Sanadikire moni.

"Akamwini, bwezani nangula wanga."

"Nangula, bambo?"

"Musandiyese mwana. Mumalowa muno ine kulibe. Mumapotoza mlongoti. Mapazi anu ndawaona."

"Ine sabata yonse ndinali kuntchito. Afunseni awa."

"Ndifunse mkazi wanu? Mbuzi ingachitire umboni fisi amene ikugona naye khola limodzi?"

"Bambo, taonani zonena," anatero mwana wawo.

Mkamwiniyo sanakwiye, ndipo zimenezi n'zomwe zinkawanyansa kwambiri a Telala. Anangotambasula chipepala cha zithunzi n'kuloza ndi chala. "Mlongotiwu sakupotoza munthu, bambo. Taonani apa. Amamanga ziwiri kumanja, ziwiri kumanzere, kubwereranso kumanja, osakoka kwambiri mpaka zonse zitakhala. Mukamaliza mbali imodzi yokha, ukokedwa basi."

"Malaya amasoka choncho? Pang'ono dzanja ili, pang'ono dzanja ilo?"

"Koma ichi si malaya."

"Ndiye nangula wapitanso chifukwa cha mbali imodzi?" A Telala anakweza dzanja kumuloza kumaso. "Yankhani!"

Koma mkamwini ankayang'ana dzanja la jekete. Nayenso mwana wawo ankayang'ana pomwepo, chikhatho chili pakamwa.

A Telala anatsitsa dzanja n'kuyang'ana. Kumapeto kwa dzanja la jekete, pamene batani linathothoka kalekale, panali kanangula. Kanasokedwa bwino, molimba, ndi ulusi wa chombo wopaka phula. Kunsi kwake ulusi unazunguliridwa mwaudongo kuti kaime pang'ono, osakanirira pansalu, monga batani la jekete yabwino limayenera kukhalira. Anapinda nsaluyo kuona kuseri. Mfundo inali yobisika m'kati mwa mpendero, yokhotera kumanzere.

Mfundo imeneyo m'tauni yonse ankamanga ndi munthu mmodzi. Anyamata onse amene anawaphunzitsa ntchito analephera kuitengera, chifukwa iwo okha ndi amene anali amanzere.

Anafufuza m'mutu mwawo tsiku limene anakhala pansi n'kusoka zimenezi. Anapeza mbee, ngati nsalu yosajambula. Ankakumbuka muyezo wa m'chiuno wa anthu amene anamwalira kale, koma izi ayi.

"Munthu akhoza kuphunzira mfundo ya mnzake," anatero, koma mawu anatuluka opanda msana.

"Ine ngakhale kulowetsa ulusi pasingano sinditha, bambo," anatero mkamwini motsitsa.

"Chimenecho ndiye choona chokha chimene mwanenapo chikwatirireni mwana wanga."

Wometa anasuzumira pakhomo, ataona kuti palibe akuseka, anabweza mutu wake mwakachetechete.

A Telala anakhala pampando. Anatenga sizasi kuti adule kanangulako, koma anaima. Ntchito inali yabwino. Ngakhale mutu unali utapita kwina, manja anali asanaiwale kanthu, ndipo sanadziwe ngati zimenezi n'zonyaditsa kapena zochititsa mantha. Ngati manja angasoke nangula mwini wake kulibe, angayatsenso simbi mwini wake kulibe. Anadula ulusiwo, kanangula n'kugwera m'chikhatho.

Mwana wawo anagwada pambali pa mpando. Za kiyi sanatchule. A Telala anadikira kuti atchule kuti apeze pokalipira, koma sanatchule.

"Akamwini."

"Wawa, bambo."

"Gwirani mlongotiwu. Ndi zala ziwiri, osati ngati mukugwira khasu. Mwati ziwiri kuti?"

"Kumanja, kenako kumanzere."

"Kumanja kwa ndani? Kwanga kapena kwa chombo?"

Mkamwini anatembenuza chipepala chija, kuchitembenuzanso. "Apa ndiye sindikudziwa."

"Ndinadziwa," anatero a Telala, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anamva kukoma pang'ono.

Anamanga ziwiri uku, ziwiri uko, osakoka. Mlongoti unaima. Anapitiriza osadzutsa mutu, ulusi uli pakamwa.

"Kachipinda kanu kaja kali ndi tebulo?"

"Tiikamo, bambo," anayankha mwana wawo msangamsanga.

"Osati pafupi ndi bafa. Chinyezi chimafewetsa zingwe." Analowetsa chingwe cha nangula pabowo lapamphuno pa chombo n'kuchimanga. Kenako anapisa m'thumba, kutulutsa kiyi, n'kumuika m'manja mwa mwana wawo, akumuyang'ana mkamwini m'maso. "Ndapatsa uyu. Inu ayi. Ndipo chombochi ndinyamula ndekha. Ndawerenga mizinga yonse."