Makoswe Oyera ndi Chikolopa

Ntchito yanga ku Doha inali yometa makoswe. Musaseke. Ine Zuhura wa ku Ntaja ndinathera zaka pasukulu kuti ndidzagwire kamakina kometera m'labu ina kunja kwa mzinda. Ndinkameta makoswe oyera pamsana, kuwapaka mankhwala a m'mafakitale, kumanga bandeji, n'kumawayang'anira kwa milungu iwiri. Akadwala kapena kufa, tinkadziwa kuti mankhwalawo amalowera pakhungu n'kukawononga m'kati, choncho munthu asawagwire ndi manja.

Mayiko oyandikana ndi dzikolo atatseka malire mu 2017, katundu wodzera ku Saudi ndi ku Dubai anasowa. Kampani ina inaitanitsa kudziko lina mankhwala atsopano ochotsera girisi m'magalaja, ndipo anatibweretsera chigubu chachikulu kuti tiwayese. Ndinawapaka makoswe anga. Nditamasula mabandeji, khungu linali bwinobwino, lopanda chilonda ngakhale kufiira. Makoswe ankadya, ankakwera mawaya, ankamenyana monga mwa masiku onse.

Amene ankatsuka makola awo anali a Everson, bambo wa ku Dedza amene mtima wake wabwino unakula kuposa nzeru zake. Akawaona makoswe onenepawo ankadandaula kuti ndiwo zikungoonongeka. Tinkaseka. Ine ndinkawakonda bambo amenewa, ndipo n'chifukwa chake ndikawakumbukira lero chifuwa chimanditentha.

Lachisanu Amalawi tinkakumana pamalo ena omwera tiyi ku Al Doha Al Jadeeda. Kumeneko kunkabweranso mayi anga aang'ono, a Asiyatu, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Khulaifat. Ndiwo anandilera amayi ondibereka atamwalira, choncho ndinkangowatcha amayi. Tsiku lina anadandaula kuti sopo amene anazolowera sakupezekanso m'mashopu, ndipo madamu awo akuwakalipira kuti matayilosi a kukhitchini akumata mafuta. Tonse tinangoti pepani. A Everson okha anazisunga mumtima.

Lachisanu lotsatira sindinapite, chifukwa makoswe anali atayamba kusintha. Ubweya unaima, anasiya kudya, utuchi wa m'makola unali wouma chifukwa sankakodza. Kenako anayamba kufa. Titawatumbula tinapeza impso zotupa, zotuwa. Kunja khungu linali losalala ngati la khanda.

A Everson atabwera kudzatenga mitemboyo anaima pakhomo osalowa. Anafunsa chawapha. Nditawauza, anakhala pansi pasimenti pomwepo. Ananena mwachibwibwi kuti iwo anaona makoswe ali bwino, anatunga pang'ono m'chigubu muja n'kuthira m'botolo la madzi, ndipo Lachisanu limene ine sindinapite lija anakapereka kwa amayi. Akuti sakanapita chimanjamanja atamva munthu wamkulu akudandaula.

"Ndinachita kutchekinga ndekha, asisi," iwo anatero. "Ndinadonthezera pachala, sanandiwotche. Ndinati mafi mushikila, palibe vuto."

"Mafi mushikila?" ndinawafunsa. "Inu a Everson, mukuganiza kuti timadikira milungu iwiri chifukwa tilibe zochita? Khoswe anakuuzani kuti ali bwino?"

Amati chifundo chidapha nkhwali, koma chifundo cha a Everson chinasiya mwini wake ali gwa n'kupita kukagwira munthu wina. Ndinafuna kuwamenya ndi khola lomwe linali m'manja mwangamo. Ndinaliika pansi, ndinavula magulovu n'kuimba foni. Inali yothima, popeza madamu ankasunga foni ya amayi nthawi ya ntchito.

M'takisi ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwina anagwiritsa ntchito chokolopera cha mtengo chimene madamu anagula. Koma ndinkawadziwa amayi anga. Ankati chokolopera cha mtengo n'cha aulesi, chimangosisita dothi. Iwo ankakolopa ngati kwathu: kuvula nsapato, kugwada, kuviika chikolopa m'beseni, kufinya ndi manja, kupita chambuyo mpaka pakhomo.

Ndinawapeza akuchita zomwezo. Madamu anafuna kundiletsa pageti kuti si tsiku la alendo, koma ndinangowadutsa. Khitchini inali waliwali, fungo la mankhwala aja lili guu. Amayi anadzuka pang'onopang'ono atagwira tebulo, nkhope itatupa, mapazi atatupa. Anandidzudzula kuti ndikuwachititsa manyazi pamaso pa abwana awo. Kenako ananditambasulira manja awo kuti ndione ndekha.

"Taona, mwanangu, palibe chilonda. Ndi mutu chabe ndi kamseru. Madamu akuti khitchini sinawalepo chonchi."

Ndinawafunsa kuti anataya madzi liti komaliza. Anayang'ana kumbali, chifukwa si funso limene mwana amafunsa kholo. Kenako anati sakukumbukira.

Kuchipatala dokotala anafunsa dzina la mankhwala ndi chimene amachita m'thupi la munthu. Palibe amene ankadziwa. Zonse zimene ndikanamuuza zinali za makoswe. Anayesetsa, moyo anaupulumutsa, koma impso zonse ziwiri zinali zitapita. Amayi anayamba kumalumikizidwa kumakina otsuka magazi, ndipo dokotala anati zikhala choncho moyo wawo wonse.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandikwiyitsa kuposa za a Everson. Iwo anachotsedwa ntchito n'kukwezedwa ndege, ndipo sindinapite kukatsanzikana nawo. Abwana anga anandiuza kuti kukwiya sikuthandiza, n'kuika loko pachitseko cha sitolo ya mankhwala imene inali yapululu chiyambire. Kampani ija inamata chizindikiro cha magulovu pazigubu n'kuyamba kugulitsa. Madamu anabweretsa maluwa kuchipatala, mawa lake anathetsa kontirakiti, chifukwa wantchito wogona pamakina alibe naye ntchito. Popanda kontirakiti panalibe chilolezo chokhalira m'dzikomo. Ndinagogoda m'maofesi mpaka nsapato zinatha, aliyense akungoti inshaala, Mulungu akalola.

Ku Ntaja makina otsuka magazi kulibe. Amayi ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa, koma pabwalo la ndege tinkakamba za mphatso za ana ndi za mvula. Atakhala panjinga ya odwala anandipempha kuti ndisamusungire mkwiyo Everson, chifukwa mwa anthu onse amene anamva dandaulo lawo ndi yekhayo amene anachitapo kanthu. Mnyamata wowakankha atagwira njinga, amayi anandikoka dzanja.

"Nanga makoswe ako aja," anafunsa motsitsa mawu, "alipo amene anachira?"

Ndinawerama n'kuyamba kuwakonza mpango umene sunali wokhota.